Tisamale bwalo lathu la zisudzo

Zikomo amfumu, zikomo nonse. Mwamva kale kuti Lachiwiri usiku akuba adazula mawaya a magetsi pabwalo lathu la zisudzo. Kuseri kwa siteji tapezakonso phulusa, ana amaotcherapo mbatata, pansi penipeni pa denga la udzu. Makolo, madzulo mumadziwa kumene ana anu ali? Bwalo lisagone lopanda mlonda.

Amene mudakhalako ku Blantyre mukuidziwa French Cultural Centre, ku Chichiri kuja. Lamulungu masana kunkadzaza. Du Chisiza Jnr ankasewera pamenepo ndi gulu lake la Wakhumbata, lomwe adaliyambitsa mu 1987. A gulu la Kwathu nawo ankabwera ndi zisudzo za m'Chichewa, anthu n'kuseka mpaka misozi. Holo inalipo, koma mtima wa malowo unali bwalo lofolera udzu, mokhala mwake mokwera masitepemasitepe kuti wakumbuyo aone ndi kumva. Kamangidwe kameneka n'kakwathu. Pagule timakhala mozungulira, panthano timavomera "tili tonse", ndiye wosewera akaponya funso anthu amayankha, ng'oma n'kulowa, nyimbo n'kuvomerezedwa ndi bwalo lonse. Afalansa atachoka mu 2011, akuba adalowa n'kusakaza malowo. Lero ndi Blantyre Cultural Centre, koma kukonzanso kwatenga zaka zambiri. N'chifukwa chake ndikuti bwalo lisagone lopanda mlonda.

(Bambo wina: "Bwanji osangofolera malata?")

Mwafunsa bwino, bambo. Malata sapsa msanga, n'zoona. Koma mvula ikayamba kugunda pamalata, wosewera ngakhale akuwe bwanji simumva kanthu, ndipo ife zokuzira mawu tilibe. Mu Okutobala anthu 200 pansi pa malata sangapirire sewero la maola awiri. Udzu umaziziritsa, komanso subweza mawu. Chofunika n'kufolera mothinana, denga lotsetsereka madigiri 45 kapena kuposa. Likagona kwambiri, madzi amaima, udzu n'kuola, chiswe n'kupeza njira. Masamba ogwera padenga nawonso amasunga chinyezi.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Mawaya atsopano alowe m'mapaipi, asakhudze udzu. Ndowa ziwiri za mchenga mbali iliyonse ya siteji. Lambulani mamita asanu kuzungulira bwalo, moto wa tchire wayandikira. Fodya ndi mbaula, kutali. Mizati muziiyang'ana pansi mwezi uliwonse, mukaona dothi la chiswe uzani komiti tsiku lomwelo. Ndipo bwalo lisagone lopanda mlonda: mabanja awiri sabata iliyonse, mayina mulembetse kwa alembi musanachoke.