Mphunzitsi wounika ana a ulumali: timupeza kuti, nanga akhala bwanji kumidzi ya Mangochi?

[Pa kanema: kalasi ya Sitandade 2, ana atakhala pansi, mmodzi kumbuyo akutsinzinira poyang'ana bolodi]

Mwana uyu wabwereza kalasi kawiri. Ena akuti ndi waulesi, ena akuti mutu wake sugwira. Koma palibe amene anayesapo maso ake kapena makutu ake. Munthu wogwira ntchito imeneyi ndi mphunzitsi amene anaphunzira za ana a ulumali, ndipo ambiri mwa iwo amachokera ku Montfort Special Needs Education College ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, komwe amasankha mbali ya ana osaona, osamva kapena ovutika kuphunzira. Lero tikambirana momwe tingamupezere munthu wotereyu, ndi chifukwa chake amachoka msanga ku Makanjira, ku Katuli kapena ku Chilipa.

Tiyambe ndi ntchito yake, chifukwa ambiri olemba anthu ntchito saidziwa bwino.

[Pa kanema: tchati cha chilembo E chapachikidwa pamtengo wamango, mphunzitsi akuyeza mtunda ndi chingwe]

Poyesa maso, mwana amaima mamita 6 kuchokera pa tchati, pamalo owala, n'kutseka diso limodzi ndi chikhatho mosalipsinja. Safunika kudziwa kuwerenga, amangoloza komwe miyendo ya E yayang'ana. Akalephera mzere wolembedwa 6/12 patchatipo ndi diso lililonse mwa awiriwo, mphunzitsi amamulembera kalata yakuchipatala. Poyesa makutu, mphunzitsi amaima kumbuyo kwa mwana kuti asaone milomo, n'kunong'ona mawu odziwika, khutu limodzi panthawi. Amayang'ananso ngati khutu likutuluka mafinya. Kenako amakhala pansi ndi mayi kapena agogo: mwanayu anabadwa bwanji, anayamba liti kuyenda ndi kulankhula, anadwalapo malungo okomoka nawo, amagwa khunyu? Pomaliza amamuonerera m'kalasi ndi pamasewera, n'kulemba ndondomeko ya mwanayo payekha: akhale kutsogolo, alembedwe zilembo zazikulu, aphunzire Braille (zilembo za osaona zowerenga ndi zala) kapena chinenero chamanja. Dziwani kuti mphunzitsiyu si dokotala. Amazindikira vuto n'kutumiza, satchula matenda.

Tsopano polemba ntchito. Ku Mangochi kuno funso loyamba lisakhale la satifiketi yokha. Likhale lakuti: Chiyao mumachimva? Ana ambiri amafika Sitandade 1 akulankhula Chiyao chokha, n'kupeza maphunziro ali m'Chichewa ndi Chingerezi. Mwana wotere akafunsidwa funso amangokhala duu, ndipo wounika wosamva Chiyao amamulemba kuti ndi wosamva kapena wovutika kuphunzira, pamene vuto lake ndi chilankhulo. Chimodzimodzi mnyamata amene wajomba masabata angapo ali kunyanja ku usipa: watsalira m'mbuyo, inde, koma alibe ulumali. Mayi nawo samasuka kunena za khunyu la mwana wawo kudzera mwa womasulira amene ndi mnansi wawo.

N'chifukwa chake njira yodalirika ndi kusankha pakati pa aphunzitsi omwe ali kale m'zoni (gulu la sukulu zoyandikana) yomwe akufunika. PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni) ndi ahedi amawadziwa: uja amatsalira ndi ana ochedwa anzawo ataweruka, uja makolo amamupeza kunyumba kwake. Amene ali ndi banja ndi munda komweko akapita kukaphunzira amabwerera. Amene watumizidwa kuchokera kutali amayamba kulemba kalata yopempha kusamuka asanamasule n'komwe katundu. Musanamutumize kusukulu, mugwirizane polemba kuti akabwera adzagwira m'zoni yomweyo kwa zaka zingapo, ndipo ngati n'kotheka tumizani awiri, mwamuna ndi mkazi. Pali zinthu zimene mtsikana wa ulumali wotha msinkhu sanganene kwa mphunzitsi wamwamuna.

Nanga chimawathamangitsa n'chiyani?

Choyamba, ndipo ichi n'chopweteka, amalandidwa ntchito imene anaphunzira. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ndi odzaza, ndiye ahedi akaona mphunzitsi wopanda kalasi amamupatsa Sitandade 3 yonse. Sitikuwanena ahediwo, nawonso apanikizika. Koma munthu wokhala ndi kalasi tsiku lililonse sangayendere sukulu zina. Kalata yomutumiza yochokera ku ofesi ya maphunziro pa boma inene momveka kuti ndi mphunzitsi woyendera zoni, ndipo masiku ake oyenda alembedwe pa ndandanda ya ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni.

[Pa kanema: njinga yamoto ikuwoloka kamtsinje kodzaza, panjira yopita ku Makanjira]

Kenako mayendedwe. Tiyerekeze zoni ya sukulu 15. Akamayendera zitatu pa sabata, sukulu iliyonse amaifika kamodzi pa masabata asanu, kutanthauza kawiri pa teremu. Izi zitheka pokhapokha pali njinga yamoto, mafuta a mwezi ndi mwezi, komanso ndalama ya matayala ndi tcheni. Njinga yongoperekedwa popanda mafuta imathera pakhonde la TDC. Akayamba kulipira kabaza ndi malipiro ake, dziwani kuti mwamutaya. Konzaninso chaka mwanzeru: sukulu zakutali aziyendere teremu yoyamba, mvula isanadule njira, zapafupi atsale nazo mu January ndi February. Misonkhano ya makolo musaiike Lachisanu masana, ambiri amakhala ali ku mzikiti.

Nyumba ndi alawansi ya kumudzi zibwere nthawi yake. Apa komiti ya sukulu ndi mafumu angathandize kwambiri.

Koma pali china chimene sichitchulidwa kawirikawiri: kuunika kopanda zotsatira. Mphunzitsi walemba makalata khumi opita ku chipatala chachikulu cha Mangochi, ku St Martin's ku Malindi kapena ku Mulibwanji ku Namwera. Ana ena afunika kukafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukayezetsa makutu ndi makina. Makolo alibe ya thiransipoti, makalata aja akusungidwa m'chikwama. Akabweranso, makolo amamufunsa kuti, "Aphunzitsi, munangolemba mayina, nanga thandizo lili kuti?" Manyazi amenewa amathetsa mphamvu kuposa malipiro ochepa. Choncho asagwire yekha. Alangizi azaumoyo ndi amayi a Mother Group azilondola kalata iliyonse, ana a zoni imodzi azipita kuchipatala limodzi tsiku logwirizana ndi achipatala, ndipo kaundula akhale ndi malo olembapo zimene adokotala apeza. Mayina a ana a Sitandade 8 ofunika mapepala a Braille kapena a zilembo zazikulu apite ku MANEB panthawi yolembetsa mayeso, osati mayeso atayandikira.

Aphunzitsi amenewa azikumananso pa boma kamodzi pa teremu, aliyense atanyamula mafayilo a ana awiri kapena atatu amene amuvuta, kuti anzake amuthandize nzeru. Ngati ndinu a komiti ya sukulu, funsani PEA wanu sabata ino kuti wounika wa zoni yanu ndani, ndipo anafika liti komaliza pasukulu panu.