Calvin Coolidge: Loya wa Mawu Ochepa Amene Anali Meya wa Northampton

Dzina la Calvin Coolidge ambiri amalidziwa chifukwa anali pulezidenti wa America kuyambira 1923 mpaka 1929. Koma lero sitikupita ku White House. Tikupita ku Northampton, kamzinda ka m'chigawo cha Massachusetts komwe mu 1910 munali anthu osakwana 20,000. Kumeneko n'komwe mkuluyu anaphunzirira ntchito.

Anabadwa pa 4 Julayi 1872 m'mudzi wa Plymouth Notch ku Vermont. Atamaliza maphunziro ku Amherst College mu 1895, sanapite kusukulu ya zamalamulo ayi. Anakalowa mu ofesi ya maloya awiri, John Hammond ndi Henry Field, n'kumaphunzira uloya pougwira, zomwe zinali zololedwa masiku amenewo. Mu 1897 anapatsidwa chilolezo, ndipo chaka chotsatira anatsegula ofesi yakeyake.

Musaganize za loya wobangula pamaso pa woweruza. Coolidge anali wamanyazi kwambiri. Ntchito yake inali kulembera anthu wilu, kukonza zikalata za malo, kutolera ngongole za eni masitolo. Anthu akakangana, iye ankakonda kuti nkhani ithere kunja kwa khothi, ndipo sankalipiritsa ndalama zambiri. Chuma sanachipeze, koma anadziwa amene ali ndi ngongole, amene sitolo yake ikugwa, ndi mkazi wamasiye amene akulimbirana malo ndi abale.

Pandale anakwera pang'onopang'ono: khansala mu 1898, loya wa mzinda mu 1900, kenako phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawo. Anagonjapo kamodzi kokha, mu 1905, pofuna mpando m'komiti ya masukulu. Chaka chomwecho anakwatira Grace Goodhue, mphunzitsi wa ana osamva, ndipo posakhalitsa anayamba kuchita lendi mbali imodzi ya nyumba pa 21 Massasoit Street, madola 28 pamwezi.

Tsono mvetserani apa. Kumapeto kwa 1909 anaima pa umeya m'dzina la chipani cha Republican, mumzinda womwe munali anthu ambiri ochokera ku Ireland okonda chipani cha Democratic. Munthu wosatha kukopa khamu pamsonkhano akanapambana bwanji? Anayenda khomo ndi khomo, kupempha voti kwa munthu mmodzimmodzi. Anali ndi bwenzi lake James Lucey, wosoka nsapato wa Chiairishi, yemwe ankacheza naye m'kashopu kake kuyambira ali mnyamata wophunzira uloya. Coolidge anapambana ndi mavoti 187 okha, ndipo chaka chotsatira anamusankhanso.

M'zaka ziwirizo, 1910 ndi 1911, anakweza malipiro a aphunzitsi, anabweza gawo la ngongole ya mzinda, msonkho n'kutsikako pang'ono. Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa bajeti ya khonsolo akudziwa kuti kuchita zitatuzi pamodzi si masewera. Ine ndimaona kuti iyi ndiyo ntchito imene inamuyenera kuposa zonse, chifukwa ndalama iliyonse ankadziwa kumene yachokera ndi kumene ikupita.

Zotsatira zinathamanga: seneti ya chigawo, bwanamkubwa mu 1919, chaka chimene apolisi a ku Boston ananyanyala ntchito iye n'kutchuka powaumira mtima, kenako wachiwiri kwa pulezidenti. Pulezidenti Warren Harding atamwalira mu Ogasiti 1923, bambo ake enieni a Coolidge ndiwo anamulumbiritsa kukhala pulezidenti usiku, powala kwa nyali yaparafini.

Kusunga ndalama kuja sikunathandize paliponse. Mtsinje wa Mississippi utasefukira mu 1927, anthu mazana a zikwi atasowa pokhala, Coolidge anakana kukawaona, ndipo anazengereza kutulutsa ndalama za boma. Pamenepo analakwitsa, ndipo osefukiridwawo anali ndi chifukwa chomukwiyira.

Atachoka pampando mu 1929 anabwerera m'nyumba yalendi yomwe ija ku Northampton. Alendo obwera kudzamusuzumira pakhonde anachuluka, moti mu 1930 anagula nyumba ina yobisika, The Beeches. Anamwalirira momwemo pa 5 Januwale 1933, ali ndi zaka 60.