Galimoto ya liwiro ikataya madzi, ngozi imayambira ku matayala

[Chithunzi: galimoto yofupika ikukhota pa msewu wa mpikisano, kumbuyo kwake kukutuluka nthunzi yoyera.]

Moni nonse amene mukutionera. Tayang'anitsitsani chithunzi ichi. Ambirife tikaona nthunzi yotereyi timangoti, "Injini yatentha, mwini wakeyo zamuonekera kugalaja." Zoona, ndalama zipita zambiri. Koma ine ndikaona chonchi mtima wanga umathamangira kwina: madzi akutulukawo akugwera pati? Pa galimoto yomwe injini yake ili kumbuyo kwa woyendetsa, nthawi zambiri amagwera pomwe matayala akumbuyo akuponda. Ndipo madzi amenewa amaterera ngati sopo.

Lero tikambirane za kaziziritsidwe ka injini za galimoto za liwiro, zija ambiri amazitchula kuti sports car, ndi momwe vuto looneka laling'ono limafikira pa thupi la munthu.

Petulo akayaka mu injini, mphamvu yake siyifika yonse ku matayala. Mongoyerekeza, gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lomwe limayendetsa galimoto, lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, lotsalalo limalowa m'zitsulo za injini momwemo. Gawo lotsalali ndiye katundu wa madzi. Injini ikakula mphamvu, moto woti uchotsedwe nawo umachuluka. Bugatti Veyron, yomwe inatuluka mu 2005 ili ndi mphamvu ya mahosipawa 1,001, anaiikira maradiyeta 10: ena a madzi a injini, ena a oyilo, ena oziziritsa mpweya wolowa mu injini.

[Chithunzi: chojambula chosonyeza njira ya madzi kuchokera mu injini kupita ku radiyeta.]

Kayendedwe kake n'kosavuta. Pampu imakankha madzi m'timisewu ta mkati mwa injini, madziwo amatenga kutentha, n'kupita ku radiyeta komwe mphepo imawaziziritsa. Thermostat ndi mlonda wa pakhomo: injini ikadali yozizira imatseka njira, ikatentha imatsegula. Galimoto ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono, fani ndiyo imakoka mphepo.

Koma pali kachipangizo kamodzi kamene anthu amakaderera, ndipo pamenepa ndichedwapo pang'ono. Ndikunena chivindikiro cha pa radiyeta kapena cha pa thanki ya madzi.

Madzi wamba amawira pa madigiri 100. Injini zamakono zimagwira ntchito pa madigiri apakati pa 90 ndi 105, ndipo zikamathamangitsidwa zimapitirira pamenepo. Nanga bwanji madziwo sawira? Choyamba, mumakhala kulanti, mankhwala otchedwa ethylene glycol osakanizidwa ndi madzi, kawirikawiri theka ndi theka. Zimenezi zimakweza pang'ono chabe mlingo wowira, kufika cha m'ma 107. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi presha. Chivindikiro chija chili ndi sipuling'i yomwe imatsekera presha mkati, ndipo madzi opanikizidwa sawira msanga. Amatha kudutsa madigiri 120 ali phee. Tanthauzo lake n'lakuti mu injini yotentha muli madzi oti akanakhala panja bwenzi atawira kalekale. Chikuwagwira ndi presha yokha basi. Paipi ikang'ambika, kapena munthu akapotokola chivindikiro, preshayo imatha nthawi yomweyo, ndipo madziwo amasanduka nthunzi mwadzidzidzi n'kuthovoka ndi mphamvu. Sizichita kudontha ayi. Malita ambirimbiri amatha kutuluka m'masekondi ochepa.

Tsopano ikani zimenezi m'galimoto ya liwiro.

Galimoto wamba ili ndi injini kutsogolo, radiyeta kutsogolo kwa injiniyo, mapaipi awiri afupiafupi, nkhani yatha. Galimoto zambiri za liwiro sizili choncho. Titenge Porsche 911. Kwa zaka zoposa 30 injini yake inkaziziritsidwa ndi mphepo ndi oyilo, mpaka mtundu wa 993 utatha mu 1998. Mtundu wotsatira, wa 996, unabwera ndi madzi. Injini inakhalabe kumbuyo, koma maradiyeta anaikidwa kutsogolo, m'makona a bampala. Ndiye madzi amayenda ulendo wa galimoto yonse, kupita ndi kubwerera, m'mapaipi odutsa pansi, ndipo onse pamodzi amaposa malita 20. Paliponse pamene paipi yalumikizana ndi inzake ndi malo oti tsiku lina pangatayikire madzi. Njira yaitali chonchi imabisanso mpweya: makaniko akasintha kulanti koma osatulutsa bwino mpweya wotsalira, mpweyawo umakakhala pamalo ena mu injini, pamalowo n'kumatentha kwambiri geji yosonyeza kutentha kwa injini ili chete.

Maradiyeta okhala pansi choncho amakhalanso ngati tsache. Masamba, timiyala, mapepala, zonse zimalowa pa bampala n'kuunjikana m'kona momwe diso silifika. Zikanyowa zimawola, zitsulo zopyapyala za radiyeta n'kuyamba kudyeka, mphepo n'kumadutsa movutikira.

Pa 911 yomweyi pali nkhani ina yodziwika bwino pakati pa eni ake. Pa injini za mitundu ya Turbo, GT2 ndi GT3 za zaka zimenezo, timapaipi tina tachitsulo ta madzi anachita kutimata ndi guluu m'mabowo ake. Zaka zikamapita, kutentha ndi kuzizira kosinthanasinthana kumafooketsa guluuyo, ndipo pa galimoto zina kapaipi kankangosolotoka galimoto ili pa liwiro. Mu 2013 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha galimoto pamsewu, la NHTSA, linatsegula kafukufuku pa galimoto zimenezi za zaka za 2001 mpaka 2007. Kafukufukuyo anatsekedwa mu 2014 popanda kulamula kuti galimotozo zibwezedwe kukakonzedwa. Komabe eni ake ambiri, makamaka opita nazo ku misewu ya mpikisano, amakawotcherera timapaipito kapena kutikhomera ndi tizitsulo kuti tisatulukenso. Ine ndikuona kuti amachita bwino, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndinayamba nacho chija.

[Chithunzi: madzi obiriwira atatayikira pa phula, tayala likudutsapo.]

Glycol amaterera, ndipo sauma msanga ngati madzi wamba. N'chifukwa chake okonza mipikisano ambiri, makamaka ya njinga zamoto, amaletsa kulanti wa glycol pa misewu yawo, n'kulamula kuti anthu azithira madzi okhala ndi mankhwala ena osaterera. Taganizirani galimoto ili pakona, matayala akumbuyo ndi amene akukankha, kulemera kwa injini kuli komweko, kenako malita angapo a madzi oterera n'kukhuthukira pansi pake. Woyendetsa samva phokoso lomuchenjeza, nyali siinayake, amangozindikira kumbuyo kwa galimoto kwayamba kupita kwake. Amene akubwera m'mbuyo naye amaponda pomwepo, galasi lake litadzaza nthunzi ndi madontho omata. Ngati ndi munthu wa njinga yamoto, mukudziwa nokha momwe zingathere.

Pali ngozi ina yosaoneka ndi maso. Galimoto zamakono zili ndi kompyuta yomwe ikaona kuti madzi kapena oyilo watentha kwambiri, imadula mphamvu ya injini kuti iiteteze. Amakaniko amati galimoto yalowa mu limp mode. Eni ake ena a Chevrolet Corvette Z06 ya 2015, ya mahosipawa 650, anadandaula kuti galimoto zawo zinkachita zimenezi zikathamangitsidwa kwa kanthawi pa msewu wa mpikisano, ndipo mu 2017 nkhaniyi inafika ku khoti ku America. Kompyuta imapulumutsa injini, inde. Koma mphamvu ikatha uli pakati popitirira lole, kapena anzako ali pa liwiro kumbuyo kwako, amene ali pa ngozi ndi iwe.

Moto nawo ulipo. Ambiri amadabwa akamva kuti kulanti amayaka. Akagwera pa ekizozi kapena pa turbo (chipangizo chozunguzidwa ndi utsi chopopera mpweya mu injini) yomwe yatentha mpaka kufiira, madzi amauluka ngati nthunzi, glycol n'kutsala, ndipo glycol payekha amagwira moto. M'chipinda cha injini ya galimoto ya liwiro zinthu zimakhala zothithikana, mawaya, mapulasitiki ndi mapaipi a mafuta zili moyandikana ndi zitsulo zamoto. Kuti muone kuchepa kwa mpata wolakwitsa, kumbukirani Ferrari 458 Italia: mu 2010 kampaniyo inaitanitsa galimoto 1,248 chifukwa guluu wa pafupi ndi tayala lakumbuyo ankatha kuyaka ndi kutentha kwa ekizozi. Limenelo silinali vuto la madzi, koma likusonyeza kuti kumbuyo kuja kumatentha motani.

Mwina mukuti, "Ine ndimayang'ana geji." Apa ndiye pamandidetsa nkhawa kwambiri. Sensa ya geji imayeza madzi amene akuikhudza. Madzi akatayika onse mwadzidzidzi, sensayo imatsala mu mpweya, ndipo kamuvi kangathe kukhala pakati, kapenanso kutsika, injini ikupsa. Komanso pa galimoto zambiri zamakono geji anaikonza kuti kamuvi kazikhala pakati ngakhale kutentha kukusintha ndi madigiri angapo, n'cholinga choti woyendetsa asamade nkhawa. Kakayamba kukwera, zinthu zafika kale patali.

Choncho phunzirani kumva ndi mphuno ndi khungu. Kulanti wotentha amanunkhira motsekemera. Mukamva fungo limenelo mutaimitsa galimoto, penapake pakutuluka. Hita ikayamba kupereka mphepo yozizira injini ili yotentha, nthawi zambiri ndiye kuti madzi achepa. Galasi lakutsogolo likamachita chifunga chamafutamafuta mkati, kakhoza kukhala karadiyeta ka hita kakudontha. Pa malumikizidwe a mapaipi yang'anani zoyerayera kapena zofiirira zouma ngati mchere. Utsi woyera wosatha ku ekizozi, thovu lomatuluka mu thanki ya madzi, kapena oyilo wooneka ngati wathiridwa mkaka, izo ndi zizindikiro zoti gasiketi ya silinda hedi, yomwe imatseka mpata pakati pa mutu wa injini (hedi) ndi thunthu lake, yapita. Mahedi a galimoto zimenezi ndi a aluminiyamu, ndipo kutentha mopitirira kamodzi kokha kumatha kuwapinditsa.

Zikakuchitikirani muli pamsewu, chotsani phazi pa mafuta mofatsa. Musaponde mabuleki mwamphamvu kapena kukhotetsa chiwongolero modzidzimutsa, chifukwa simukudziwa chimene chili pa matayala anu. Ngati kamuvi kangokwera koma palibe nthunzi, zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka kumapeto kuti ithandize kuchotsa kutentha, n'kufunafuna malo abwino oimapo. Ngati nthunzi ikutuluka kapena nyali yofiira yayaka, imani msanga pambali ndipo zimitsani injini. Tulukani, imani kutali ndi msewu, chenjezani obwera m'mbuyo ngati madzi atayikira pa phula.

Ndipo chonde, musakhudze chivindikiro chija. Ndikudziwa mtima umafuna kuona ngati madzi alimo. Dikirani mphindi zosachepera 30, ndipo pa injini zotsekeredwa kumbuyo nthawi imeneyi imatha kukhala yosakwanira. Dikirani mpaka paipi yaikulu ya madzi itazizira ndi kufewa moti n'kuifinya ndi dzanja. Pamenepo ikani nsalu yokhuthala pa chivindikiro, potokolani pang'ono, nkhope ili kumbali, mumve ngati presha ikutulukabe. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha, chitsulo chimatha kusweka. Manja akhalenso kutali ndi fani, chifukwa yamagetsi imatha kuyamba kuzungulira yokha ngakhale kiyi ali m'thumba mwanu. Wina akapsa, ikani malo opsawo pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Osaikapo ayisi, osapakapo mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Ngati wapsa kumaso, m'manja kapena malo aakulu, apite kuchipatala mwamsanga.

Chithaphwi chotsala pansicho musachisiye. Ethylene glycol ndi poizoni, ndipo poti amatsekemera, mwana kapena galu amatha kunyambita. Pang'ono pokha amawononga impso. Thiranipo mchenga, kolopani, ndipo botolo la kulanti lizikhala pamalo pamene mwana sangafikire. Amene wamwa asadikire zizindikiro, apite kuchipatala nthawi yomweyo.

[Chithunzi: makaniko akulumikiza kapampu ka m'manja pa thanki ya madzi.]

Kwa inu amene muli nazo galimotozi, pali zizolowezi zingapo zimene ndingakupempheni. Mukathamanga kwambiri, musazimitse injini nthawi yomweyo. Pampu ikaima, madzi amaima, koma zitsulo zikadali ndi moto wake, ndiye kutentha kumakwera kwa kanthawi galimoto itazima kale. Yendani mofatsa kwa mphindi zingapo kaye. Oyendetsa pa misewu ya mpikisano amazungulira kamodzi mwapang'onopang'ono asanaime pa chifukwa chomwechi. Kulanti musamasankhe potengera mtundu wa madziwo, wobiriwira kapena wofiira, chifukwa maonekedwe sakuuzani mankhwala amene ali mkatimo, ndipo ena akasakanizidwa amapanga matope otseka timabowo ta radiyeta. Onani zimene buku la galimoto yanu likunena. Matanki ndi malumikizidwe apulasitiki amauma n'kuyamba kusweka zaka zikachuluka, ngakhale galimotoyo itayenda makilomita ochepa, choncho galimoto yongokhala m'galaja musaiyese yatsopano.

Mlingo wa madzi muziuona injini ili yozizira, m'mawa musanalize. Njira ya madzi ndi yotsekeka, madziwo sayenera kumachepa. Mukapeza kuti mwathira kawiri m'miyezi yochepa, madziwo akupita penapake. Galimotoyo isathamangitsidwe mpaka makaniko atalumikiza kapampu aka mukuona apa, n'kupopera presha mkati injini ili yozizira, n'kuyang'ana ngati kamuvi kakutsika. Kakatsika, afufuze potulukira mpaka apapeze. Muwauze ayeze ndi chivindikiro chomwe.