Kapilisi kamodzi ndi mang'ina a ku Mereki

Moni nonse amene mukumvera, a kumudzi ndi a kuno komwe. Ndi ine uja wa ku Dedza, ndikulankhula ndili ku Dzivarasekwa, Harare. Mukamva makombi akuliza hutala, pepani, zenera langa linayang'ana kumsewu.

Mwezi wathawu ndinakayezetsa BP, adokotala n'kuti tiyeze ndi magazi omwe. Anapeza kuti mafuta m'magazi, cholesterol, achuluka, makamaka oipa aja amati LDL, amene amakanirira m'mitsempha mpaka magazi kusowa podutsa. Anandilembera atorvastatin, mankhwala otsitsa mafutawa, kapilisi kamodzi tsiku lililonse.

Ndiye Lamlungu ndinalakwitsa kuwauza amalume. Iwowa anabadwira konkuno, makolo awo anabwera nthawi ya Chitaganya. Tinali ku Mereki, malo ootcherako nyama kuno ku Harare, nyama ili pamoto, mang'ina ali m'mbale, kuno amati mazondo. Anatembenuza kapaketi kanga kawiri, n'kupukusa mutu. "Mphwanga, iyi ndi bizinesi ya azungu. Ukayamba susiya, miyendo izikuphwanya. Ingosiya mafuta basi." Akunena izi mafuta akuyenderera m'chigongono.

Komatu sikuti amalume akunama zonse. Ena minofu imawapwetekadi, ndipo kwa ena mankhwalawa amakankhira pang'ono ku matenda a shuga. Ngakhale madokotala amatsutsana pa munthu amene mtima sunamuvutepo, sasuta, BP ili bwino: kodi amwe zaka zonsezo chifukwa cha phindu lochepa? Koma kwa amene anadwalapo mtima, nkhani inamveka kale. Mu 1994 kafukufuku wa ku Scandinavia, wa odwala mtima 4,444, anaonetsa kuti simvastatin, mankhwala a mtundu womwewu, anachepetsa imfa ndi 30 peresenti.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mafuta ambiriwa sachokera m'mbale. Chiwindi chimapanga chokha, ndipo kapilisika kamapita kukachigwira dzanja. N'chifukwa chake munthu wowonda ngati ine amapezeka nawo. Komanso anayamba kupeza mankhwala a mtunduwu ndi m'Japan, Akira Endo, kuchokera mu nkhungu ija imamera pa zakudya, m'zaka za m'ma 1970. Amalume nditawauza zimenezo anangoti, "Ndi azungu omwewo."

Ine chinandichititsa mantha ndi nkhani ya bambo anga. Anagwa kudimba ndi sitiroko, pakamwa kupotoka, dzanja lamanja osagwiranso khasu mpaka tsiku lawo. Pamudzi anati awalodza. Adokotala atandifunsa za kumtundu, ndinawafotokozera, iwo n'kungogwedeza mutu, cholembera chikuyenda.

Ndiye ndikumwa. Sabata yoyamba akatumba anandilemera, ndinabwerera kukanena, anati ndisasiye ndekha, zikapitirira asintha mlingo. Pano zapepuka. Chowawa chatsala ndi kufamase, kumene amafuna madola a ku America, omwewo amene mayi akudikira a feteleza.

Amalume aimba dzulo, akuti Loweruka ku Mereki. Ndawauza kuti ndibwera, koma ine ndidya nkhuku, khungu ndiwapatsa iwo.