Mawu a m'mawa: ayambe adutsa kuchipinda

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Kuno ku Ulongwe kwacha ndi chisanu chija cha mu Juni, madzi a mu ndowa osagwirika, koma tadzuka amoyo ndiye tithokoze.

Mateyu 6:6. Lowa m'chipinda chako, nutseke chitseko chako. Vesi iyi palibe amene sakuidziwa, ndiye sindichedwapo. Ndikungopempha chinthu chimodzi m'mawa uno, foni ili m'manja choncho: mawu aliwonse amene mukufuna kutumiza lero ayambe adutsa kuchipinda.

Ine sabata ino sindinatero ndipo mtima sukundipatsa mtendere. Chaka chino tinalima limodzi ndi alamu anga munda wa apongozi ku Domwe, soya, ndipo ine ndinaikapo ndalama yanga ya mbewu ndi ya aganyu, ina yochokera kwa bambo a kunyumba amene amagwira ntchito ku Moatize. Lachiwiri ndili pamsika munthu wina wangondiuza kuti alamu anu agulitsa kale matumba atatu, simukudziwa? Abale, magazi anathamangira kumutu. Pomwepo, ndili chiimire pakati pa anthu, ndinadina foni nkujambula audio ya maminitsi anayi, nkuiponya pa gulu la banja la WhatsApp. Ndinanena za soya, ndinanena za chaka chatha, ndinafukula mpaka za pamaliro a apongozi aamuna zimene tinakwirira kalekale. Madzulo ake ndi pamene ndinamva kuti apongozi anadwala usiku, ndalama ija inapita ku galimoto yowatengera kuchipatala ndi mankhwala, ndipo alamu anandiimbira kawiri foni yanga ili yozima. Ndinafufuta audio ija koma inali itamveka kale, mpaka amalume a ku Johannesburg anali atamva. Alamu sanayankhe kanthu mpaka lero. Chete ameneyo ndi amene akundidya.

Lachitatu usiku mwana wanga wachisamba, amene ali ku sekondale, anali kuwerenga Biologia ndi tochi poti anali ndi mayeso. Akuti mama ndifunseni mafunso. Ine mutu uli kwina koma ndinalandira kope lija. Munali zithunzi ziwiri zojambula ndi pensulo, china ngati kambewu ka mpunga kokhala ndi kamchira, pansi atalemba m'Chipwitikizi célula procariótica, china chozungulira chodzaza ndi tinthu, célula eucariótica. Ndinati mwanawe izi undiuze m'chinenero chathu, ukandimvetsa ine ndiye kuti wakhoza.

Akuti mama, chamoyo chilichonse chinamangidwa ndi maselo, ngati nyumba ndi njerwa, kungoti selo ndi lamoyo, limadya, limapuma, limaswana. Dzinalo anapereka ndi Robert Hooke wa ku England mu 1665, atayang'ana kachidutswa ka khungwa la mtengo pa maikulosikopu nkuona timabowo tondondozana, ndipo liwulo m'Chilatini limatanthauza kachipinda. Kachipinda! Ine apo ndinakhala tsonga.

Kenako akuti mukukumbukira nyumba ija tinkachita lendi ku Moatize, ya chipinda chimodzi? Ndiiwala bwanji. Mbaula pakona, mphasa pakati, thumba la ufa pafupi ndi mutu, mapepala athu onse, ma BI ziphaso zathu zija, makadi a sikelo a ana, zili mu jumbo yopachika pa msomali. Mlendo akangosuzumira pakhomo waona moyo wanu wonse. Akuti prokaryote ndi choncho, ndiwo mabakiteriya amenewa. Mpanda wolimba kunja alinawo, khoma alinalo, ena ali ndi kamchira kopalasira, koma m'katimo mulibe zipinda. DNA yawo, amene ali malangizo onse a moyo wawo, ndi chingwe chimodzi chozungulira ngati mkanda chongounjikika mbali ina, popanda chitseko. Ndi tating'ono kwambiri moti ambiri mwa iwo mutawandandalika 1,000 pamzere angokwana milimita imodzi kapena awiri.

Eukaryote ndiye nyumba ya zipinda. Maselo a ine ndi inu, a chimanga, a mbuzi, a bowa, ngakhale yisiti wa mandasi. Muli mitochondria amene ndi kukhitchini, kumene chakudya chimasanduka mphamvu, ndipo akuti amenewa munthu amatengera kwa mayi ake okha, ngati kukapala moto kwa amayi. Muli Golgi wolongedza katundu ndi kutumiza, muli lysosome amene ali ngati kudzala kogayira zotha ntchito. Koma chimene chimapatsa selo lotere dzina ndi nyukiliyasi, kuchipinda kwa eni nyumba. Mmenemo ndi mmene muli DNA, yokulungidwa m'timitolo totchedwa makromozomu, 46 mwa munthu, ndipo mutaitambasula ya m'selo limodzi lokha ingatalike pafupifupi mamita 2, koma yapindidwa bwinobwino m'kachipinda kosaoneka ndi maso. Makoma ake ndi awiri, ndipo ali ndi timakomo tokhala ndi alonda, sichingolowa chilichonse, sichingotuluka chilichonse.

Tsono tamverani chimene chinandilasa. Ndinafunsa funso limene linali m'kopemo, lakuti puloteni amapangidwa bwanji. Mwana akuti DNA siituluka m'chipinda. Selo likafuna kupanga kanthu limakopera uthenga, dzina lake RNA, nkuutumiza kwa amisiri otchedwa ma ribosome. Mwa bakiteriya, poti mulibe khoma pakati, uthenga ukulembedwa uku amisiri agwira kale mutu wake ayamba kupanga, usanathe nkulembedwa komwe. Koma mwa ife uthenga umayamba wakhala m'chipinda. Umadulidwa, zigawo zina zimachotsedwa, zotsala nkulumikizidwa, umavekedwa kachipewa kumutu ndi kamchira kumapeto, ndipo ukakhala wolakwika kawirikawiri umaphwasulidwa momwemo osaona kunja. Ukakonzeka ndi pamene umadutsa pa kakhomo kaja.

Ndinaika kope pansi. Mwana akuti mama mwatopa? Ndinati ayi pitiriza, koma misozi inali italengeza. Audio yanga ija inatuluka ngati uthenga wa bakiteriya, ndikuganiza uku ikumveka kale ku Domwe, ku Moatize, ku Joni. Panalibe khoma pakati pa mkwiyo ndi pakamwa. Chikhala ndinalowa nayo kuchipinda ngakhale maminitsi khumi, za pamaliro zija zikanadulidwa, za chaka chatha zikanadulidwa, mwina chikanatsala ndi chiganizo chimodzi chokha, alamu ndamva za soya, chachitika nchiyani? Ndipo akanandiyankha, ndipo ndikanathamangira kuchipatala kukaona apongozi m'malo mowanyoza akudwala.

Abale, Mulungu amene anaika chipinda m'maselo a khungu lanu, a chiwindi chanu, a ubongo wanu, ndi yemweyo akuti lowa m'chipinda chako. Thupi lanu likumvera lamuloli usana ndi usiku osatopa, nanga pakamwa pokha pakanirenji? Amayi anzanga a m'magulu a mpingo, ndikunena ndi inu ndi ine ndemwe, tazolowera zoti chilichonse chotipweteka chiyambe chafika pa status Yesu asanachimve. Mwamuna wachedwa kutumiza ndalama, status. Mnzathu wa mu kwaya watidutsa osapereka moni, audio kwa amayi a busa. Timati ndine wosabisa mawu ine, ndimanena chilungamo. Inde chilungamo, koma chinadutsa kuchipinda? Abambo nanunso musaseke, mawu amene mumalankhula mukangolowa pakhomo mutatopa, ana nkumabalalika ngati anapiye aona kabawi, aja amakhala atadutsa kuti?

Ndisanamizire mabakiteriya, nawonso ndi ntchito ya manja ake. Mwana anandikumbutsa kuti timaphundu tija timaona ku mizu ya soya ndi nyemba tikazula, timene tikatiswa m'kati mumakhala mofiirira, ndi nyumba za mabakiteriya otchedwa rhizobia, amatenga nayitrojeni wa mumpweya nkudyetsa mbewu, nchifukwa chake chimanga chimakondwa pamene panali nyemba. Chambiko chimene timakonda ndi ntchito yawo. M'matumbo mwathu alimo ochuluka otithandiza kugaya. Ndiye soya yemwe ndinakanganira uja anakula ndi thandizo la tizinthu topanda chipinda, tosaoneka, tosafuna kuthokozedwa. Iwo anawalenga a liwiro, ena zinthu zikawayendera amagawikana pawiri pa maminitsi 20 okha. Koma liwiro lomwelo ndi limene limapangitsa kolera kugwetsa munthu tsiku limodzi, tonse tinaona nthawi ya mvula anthu akuthamangitsidwa nawo. Mawu opanda chipinda amaswana choncho. Mmodzi watumiza kwa awiri, awiri kwa anayi, pofika madzulo mudzi wonse wadwala.

Wina anena kuti mayi inu mukunena za chipinda, ine ndimakhala chipinda chimodzi ndi ana anayi, nditseka chitseko chiti? Ndikukumvani, ndinakhalamo zaka zisanu. Ku Moatize kuja ndinamanga chingwe kuchoka pa zenera kufika pa msomali wa jumbo ija, nkupachika chitenje chakale, ndipo kuseri kwa chitenjecho pambali pa thumba la ufa ndi kumene ndinkagwada kusanache, kunja kukutentha kale, fumbi la malasha lili pa zenera. Ana ankadziwa kuti chitenje chikatsika mama sayankha. Chodabwitsa nchakuti nthawi imeneyo ndinali ndi chipinda, lero ndili m'nyumba ya zipinda zitatu ya malata koma Lachiwiri ndinalibe. Ena chipinda chawo ndi njira ya kudimba m'mamawa, ena ndi kuseri kwa nkhokwe, ena ndi kungoika foni m'thumba la ufa mpaka mtima utsike. Pezani chanu lero, musadikire kumanga nyumba yaikulu.

Pali china chimene mwana ananena chimene ndikufuna chifike kwa inu otumikira, inu osasowa pa maliro, pa chinkhoswe, pa kuphika kwa msonkhano. Maselo ofiira a m'magazi athu akamakhwima amataya nyukiliyasi yawo kuti apeze malo okwanira onyamulira mpweya. Amazungulira thupi lonse kuperekera ena, ntchito yabwino zedi, koma poti alibe chipinda sangathe kudzikonza akawonongeka, ndipo pakatha masiku pafupifupi 120 atha, thupi limapanga ena. Ine ndinadziona pamenepo. Miyezi iyi ndakhala wothamanga, msika, munda, komiti ya amayi, odwala, ndipo ndimati Ambuye akumvetsa kuti ndatanganidwa ndi ntchito yake. Pemphero langa linasanduka la poyenda, la pakamwa pokha. Ndiye munthu uja atandinong'oneza za matumba atatu anapeza nyumba yopanda chitseko. Mlongo wanga wotumikira, sunalengedwe kuti uthe m'masiku 120. Bwerera kuchipinda, ukakonzedwe.

Ndipo kuchipindako sitipita kukakonza mawu okha ayi. Malangizo a moyo amakhala komweko. Chimene Mulungu ananena za iwe, kuti ndiwe wake, chimasungidwa kumene anthu a pamsika safikako. Ine ndinakhulupirira msanga kuti alamu andibera chifukwa m'kati mwanga munali kale mantha akuti kubanja kuno sandiwerengera, ndine wobwera. Mantha amenewo ndikanawatengera kwa Atate oona m'tseri akanandikumbutsa kuti zaka 17 zapitazo alamu omwewa ndi amene anandigwira dzanja pobereka mwana amene akundiphunzitsa za maseloyu.

Dzulo usiku ndinatseka chitseko. Ndinalemba uthenga wopepesa, wautali, nkuuwerenga pamaso pa Ambuye, ndipo ndinaona kuti theka lake ndikudziikira kumbuyo, kuti foni inazima, kuti anthu ndi amene anandisokoneza. Ndinadula. Ndinadulanso. Chinatsala ndi chakuti alamu ndinalakwa, ndinakunyozani pagulu, ndikhululukireni. Ndipo ndinamva mumtima kuti ameneyu si wa pafoni, ndi wopita nawo ndekha, kenako ndikapepesenso pa gulu pomwe ndinawachititsa manyazi.

Mwana wapita ku mayeso ake, ndamupempherera pakhomo. Ine ndamanga kankhuku kamodzi ndi shuga wa apongozi, ndikudikira njinga yamoto ya ku Domwe. Sindikudziwa ngati alamu andilandire, mundikumbukire m'mapemphero pamene mukutseka zitseko zanu m'mawa uno.