Kutsidya kwa Mwami: Kodi ntchito yofufuza za ubongo imapezeka kuno kwathu?

Moni nonse, kaya mukumvera muli m'minibasi ya ku Ndirande, kaya muli pa shifiti ya usiku ku Joni, kaya ndinu anansi anga konkuno ku Kabwata. Ndine mnzanu uja wa ku Lusaka. Mukamva kulira chapansipansi, ndi jenereta ya aneba, tingoipirira.

Lero ndiyankha uthenga umodzi wokha, wochokera kwa achemwali ena amene akumaliza digiri ya biomedical science ku Blantyre. Akuti amafuna ntchito ya kafukufuku wa ubongo, koma aliyense akuwauza kuti neuroscience ndi ya ku Ulaya ndi ku America, kuno angotaya nthawi. Ndiye akufunsa kuti ayambire pati.

Achemwali, okuuzaniwo akuganiza za labotale ya pa TV ija, ya mbewa zoyera ndi makina odula kuposa bajeti ya boma lonse la Mwanza. Imeneyo kuno ndi yosowadi. Koma ntchito ya ubongo ilipo, kungoti khomo lake lili ku wodi ya odwala. Ndipo inuyo mukukhala mumzinda umene akatswiri a dziko lonse amautchula akamakamba za ubongo wa ana.

Mwana akakomoka ndi malungo a muubongo, madokotala m'maiko ambiri amayeza kuya kwa chikomokerecho ndi muyeso wotchedwa Blantyre Coma Score. Unasindikizidwa mu 1989 kuchokera ku chipatala cha Gulupu, ntchito ya Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo. Amaona zinthu zitatu: ngati maso akutsatira nkhope ya mayi, mmene mwana akulirira, ndi mmene akuchitira ukamutsina. Malikisi amayambira 0 kulekeza 5, ndipo mwana akapeza 2 kapena kutsika apo ndiye kuti zavuta. Ku Gulupu komweko ndi kumene anaonetsa kuti ukaunika kuseri kwa diso la mwana wokomoka, umatha kusiyanitsa amene wakomoka ndi malungo enieni ndi amene ali ndi tizilombo ta malungo m'magazi koma chomukomola ndi china. Makina oyamba a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, anafika m'Malawi mu 2008 chifukwa cha kafukufuku yemweyu, ndipo mu 2015 gulu la Karl Seydel linaonetsa kuti ambiri mwa ana amene amamwalira, ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri mpaka kupanikiza gawo loyendetsa kupuma. Tsono ganizani: pa ntchito yonseyo, ndani ankakhala pambali pa bedi usiku kuwerenga kupuma kwa mwana? Ndani ankatenga magazi maola asanu ndi limodzi alionse, ndani ankalemba? Anamwino, makilinikala, anthu a labu, Amalawi anzathu. Ntchito zake ndi zimenezo.

Kuno ku Zambia zinthu zinasintha kwambiri mu 2018, pamene anayambitsa maphunziro a madokotala a ubongo ndi mitsempha pa chipatala chachikulu cha UTH mu Lusaka mogwirizana ndi yunivesite ya Zambia, UNZA, motsogozedwa ndi Deanna Saylor amene nthawi imeneyo anali wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America. Kale wofuna ukatswiri umenewu ankayenera kukauphunzira kunja. Enanso mwina munamvapo za Gretchen Birbeck, amene wagwira ntchito ya khunyu kwa zaka zambiri ku Chikankata, kummwera kwa dziko lino, komanso ya malungo ku Blantyre. Chimene anthu sachiona ndi chakuti dokotala mmodzi wa ubongo akakhazikika pamalo, amakoka ntchito zina zambiri pambuyo pake. Amafuna womujambulira, womuyezera madzi a mumsana, womusungira data, wotsatira odwala kumakomboni. Ine ndinalowera pamenepo.

Ntchito yanga ndi ya EEG. Ubongo uli ndi maselo a mauthenga pafupifupi 86 biliyoni amene amalankhulana ndi timagetsi tochepa zedi, ndipo makina athu amatola timagetsi timeneto pa khungu la mutu. Mwana akafika ndimayamba ndi tepi ya telala. Ndimayeza kuchokera pamwamba pa mphuno kufika pa kafupa kotukuka ka kunkhongo, kenako khutu ili kufika khutu linalo, n'kumaika timadontho ndi pensulo yofiira. Njirayi amati 10-20, chifukwa malo oika mawaya amatalikirana magawo 10 kapena 20 pa 100 a muyeso wa mutuwo. Pa kadontho kalikonse ndimapukuta ndi thonje, ndipake phala lake, ndimate kawaya kokhala ndi kambale kumapeto, mpaka timawaya titapitirira 20. Akakhala mtsikana amene analukidwa dzulo lake, timayamba ndi kumasula, mayi ake ali kukuyang'ana ndi diso lakuti ndalama yanga ya saluni mubweza ndinu.

Mawaya onse akakhala, pamabwera funso limene silisowa: kodi sizimuyamwa magazi, kodi simukumulowetsa magetsi m'mutu? Musaseke. Ife a ku Malawi tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, mmene anthu anaphedwera popanda mlandu. Choncho ine ndimamata kawaya kamodzi pa dzanja langa, ndiwapatse mayiwo kena agwire, aone okha kuti sikaluma. Apa Chichewa changa chimandidyetsa. Odwala ambiri a mu Lusaka amalankhula Chinyanja, ndipo agogo a ku Katete kapena ku Chadiza akangomva kalankhulidwe kanga amayamba kufunsa kwathu ndi mfunda wanga, mantha aja n'kuphwa.

Pojambula timamupatsa mwana kachipepala kozungulira kaja kuti azikauzira kwa mphindi zitatu. Kupuma mofulumira kotero kumadzutsa mtundu wina wa khunyu umene munthu sagwa nawo. Mwana amangosiya kuuzira, kuti duu, maso ali tong'o, masekondi ochepa chabe, ndipo pa kompyuta mizere yonse imanyamuka pamodzi kuvina katatu pa sekondi. Kenako amapitiriza kuuzira ngati palibe chachitika. Mwana wotereyu kusukulu amakhala atatchuka kale kuti ndi wosamva, wakwapulidwapo kambirimbiri chifukwa aphunzitsi akamuitana sayankha. Ukawaitana mayi ake kuti adzaone pa sikirini, n'kuwauza kuti mankhwala ake alipo, tsiku limenelo ukaweruka umayenda mopepuka.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni pa dziko lonse ali ndi khunyu, pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo mpaka 70 mwa 100 akhoza kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Koma pitani ku kiliniki muone zipsera za moto m'manja ndi m'miyendo. Munthu anagwera pa mbaula, abale ataima poteropo, kuopa kuti akakhudza thovu lake nawonso atenga. Khunyu siipatsirana. Kufufuza chifukwa chimene uthenga wophweka chonchi sukufikirabe kumudzi ndi kafukufuku wa ubongo ndithu, ndipo amene amamuchita bwino nthawi zambiri ndi anthu a social science, osati ovala makhoti oyera.

Inu a biomedical, malo anu ambiri ali ku madzi a mumsana. Matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangayi wotchedwa cryptococcus apha anthu ochuluka amene ali ndi HIV m'chigawo chathu chino. Kafukufuku wa ACTA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anachitikira ku Malawi, kuno ku Lusaka, ku Tanzania ndi ku Cameroon. Kenako wa AMBITION, momwe munali Blantyre ndi Lilongwe, anaonetsa mu 2022 kuti kupereka mankhwala a m'dripi a liposomal amphotericin B kamodzi kokha pa mlingo waukulu, pamodzi ndi mapiritsi a milungu iwiri, kumathandiza mofanana ndi dripi ya masiku asanu ndi awiri ija imene inkaononga impso, ndipo WHO inasintha malangizo ake chaka chomwecho. Kuti zimenezo zidziwike, panali munthu ku labu amene ankadzala madzi a mumsana a wodwala aliyense m'timbale n'kumawerenga timadontho ta fangayi kamodzikamodzi. Ntchito yotopetsa maso, koma ikasokonekera pamenepo kafukufuku yense wagwa.

Ena amalowera kwina. A psychology amayeza ana amene anachira malungo a muubongo kuti aone ngati akukula bwino, ndipo chida chimodzi chimene chimagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri ndi MDAT, chopangidwira ku Malawi. A pharmacy ali ndi mutu wawo wowawa: carbamazepine, mankhwala a khunyu opezeka kwambiri kuno, amachepetsa mphamvu ya dolutegravir amene ali m'ma ARV a anthu ambiri. Ngakhale a zoweta alimo. Kuchigawo cha kummawa kwa Zambia, nyongolotsi ya nkhumba ya Taenia solium imayambitsa khunyu kwa anthu ambiri, ndipo sukulu ya veterinary ya UNZA yaifufuza kwa zaka. Munthu amadya nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza yosapsa bwino, nyongolotsi n'kukula m'mimba mwake. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, wina awameze kudzera m'manja osasamba kapena m'madzi, timatuza tija n'kukamera muubongo mwake. Choncho ngakhale wosadya nkhumba amadwala.

Tsopano za ndalama, poti ndikudziwa kuti ndi zimene enanu mukudikira. Ntchito zambiri za kafukufuku zimayendera thandizo la kunja, monga la mabungwe olipirira kafukufuku wa zaumoyo, NIH ya ku America kapena Wellcome ya ku Britain. Malipiro amakhala abwinoko kuyerekeza ndi a boma, ndipo kwacha ya kuno ukaitumiza kumudzi imachita kanthu. Koma kontirakiti imakhala ya chaka chimodzi, kapena mpaka thandizo litatha. Zili ngati kulima m'dimba lobwereka: ndiwo zimachoka zambiri, koma mwini akafuna malo ake sufunsa chifukwa. Mu 2025, boma la America litayamba kudula thandizo la kunja, ndinaona anzanga odziwa ntchito yawo akulandira makalata, ena ali ndi ngongole ya poloti ku Chongwe. Kwa ife alendo zimawawa kawiri, chifukwa chilolezo chogwirira ntchito chimamangiriridwa kwa amene wakulemba. Ntchito ikatha, nayenso pepala lako limayamba kugwedezeka, ndipo umayamba kufunsa mtengo wa basi ya pa Intercity yodutsa ku Luangwa, Chipata mpaka Mchinji. Ngati ntchito yanu ikukhudza odwala kapena labu, muyeneranso kulembetsa ku Health Professions Council of Zambia. Satifiketi ya Medical Council ya kwathu payokha siikwanira.

Palinso magetsi. Mu 2024 chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, m'madera ena a Lusaka magetsi ankasowa maola pafupifupi 20 pa tsiku. Ife a EEG timadalira mabatire, koma mnzanga wa ku labu ali ndi mafiriji a madigiri 80 pansi pa ziro, osunga magazi ndi madzi a mumsana a zaka zingapo. Ankagona foni ili pa pilo, alamu ikalira pakati pa usiku n'kudzuka kukaona dizilo wa jenereta. Zimenezi sizilembedwa mu lipoti lililonse.

Ndipo pamenepa pali chimene chimandiwawa. Pepala likamatuluka m'magazini a sayansi, maina a anthu amene anamasula tsitsi, kutonthoza amayi ndi kulondera mafiriji nthawi zambiri amathera m'kandime kothokoza kumapeto, kapena osaoneka n'komwe. Zayamba kusintha, makamaka pamene wotsogolera kafukufuku ndi mwana wa konkuno. Lamulo la Zambia la 2013 limene linakhazikitsa National Health Research Authority linathandizanso, chifukwa magazi satumizidwa kunja chisawawa popanda chilolezo. Komabe dzina pa pepala silibwera lokha. Umapempha kagawo kako ka data, ulembe wekha, uonetse. Popanda dzina pa pepala, sikolashipu ya Masters kapena PhD ndi yovuta kuigwira.

Ndiye achemwali, musadikire kuti mudzaone chikwangwani cholembedwa neuroscientist, simudzachiona. Yang'anani zolembedwa research assistant, lab technologist, data officer, study coordinator, ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ku bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome ndi ku mapolojekiti a pa Gulupu. Tengani satifiketi ya GCP, ya malamulo oyendetsera kafukufuku pa anthu, imapezeka ulere pa intaneti ndipo pafupifupi kafukufuku aliyense wokhudza odwala amaifuna. Phunzirani REDCap ndi R, mapulogalamu osungira ndi kusanthulira data, pa laputopu yanu yomweyo. Munthu wodziwa kuyeretsa data sasowa pogwira ngakhale polojekiti imodzi itatseka. Ngati mtima wanu uli pa sayansi ya mulabotale yeniyeni, tsatirani Society of Neuroscientists of Africa, imene inayamba mu 1993, komanso IBRO, bungwe la dziko lonse la kafukufuku wa ubongo, imene imalipirira achinyamata a mu Africa maphunziro aafupi. Bungwe la TReND in Africa limaphunzitsa kufufuza ubongo pogwiritsa ntchito touluka tating'ono tija timazungulira nthochi zakupsa, Drosophila, chifukwa n'tosavuta kuweta ndipo sitifuna ndalama zambiri. Musadabwe mukadzapezeka mukuyamba PhD yanu ndi botolo la nthochi zoola.

Akakuitanani ku intavyu, pomaliza amafunsa ngati muli ndi funso. Musanene kuti mulibe. Funsani kuti thandizo la polojekitiyi likutha chaka chanji, amene analipo pa mpando umenewu anapita kuti, ndiponso ngati ogwira ntchito amaloledwa kulemba nawo mapepala. Mukaona akuyang'anizana asanayankhe funso loyambalo, landirani ntchitoyo ngati mukuifuna, koma musatenge ngongole ya poloti.

Gawo likubwerali tikambe za lendi, poti abambo ena a ku Kasungu afunsa kusiyana kwa Chilenje ndi Kalingalinga ndipo ndili ndi zambiri zoti ndinene za eni nyumba a kuno. Pitirizani kutumiza mauthenga. Tsalani bwino.