Musazimitse firewall, tsegulirani seva imodzi yokha

Achimwene, mwaswera bwanji? Ndauona uthenga wanu woti app ikukana kulumikizana ndi database. Ndili panjira, ndiye ndingolankhula, inu mumvere muli pa kompyuta.

Chonde musazimitse firewall, mlonda uja amene amasankha zolowa mu seva kudzera pa netiweki. Ndikudziwa kuti mtima ukufuna kutero kuti ntchito iyende msanga, koma mu database muli mayina ndi manambala a foni a anthu amene anatikhulupirira.

Yambirani pa seva ya database. Lembani sudo ss -tlnp, mufufuze mzere wa 5432, chifukwa PostgreSQL, pulogalamu ya database yathuyo, imadikirira pa port (khomo la pa netiweki) imeneyo. Mukaona 127.0.0.1:5432, firewall ilibe mlandu, database yadzitsekera yokha m'nyumba. Tsegulani postgresql.conf, pa listen_addresses muikepo IP ya mkati ya sevayo, ija ya 10.0.0.10. Apa pamafunika restart, reload yokha sigwira.

Kenako pg_hba.conf, fayilo imene imanena amene aloledwa kulowa mu database. Onjezerani mzere umodzi: host, dzina la database, dzina la user, 10.0.0.5/32, scram-sha-256. Ka /32 kameneko kakutanthauza makina amodzi okha, seva ya app basi. Mawu akuti trust musawalembe ngakhale poyesera chabe, amalowetsa munthu popanda password.

Tsopano ufw, pulogalamu yoyendetsera firewall. Ngati simunayiyatse, lolani kaye port 22 ya SSH, njira yolowera mu seva muli kutali, apo ayi mudzitsekera panja ndipo mudzayenera kupita kumene kuli makinawo. Mukatero lembani sudo ufw allow from 10.0.0.5 to any port 5432 proto tcp. Onaninso ndi sudo ufw status numbered. Malamulowo amawerengedwa kuchokera pamwamba, loyamba kugwirizana ndi limene limagwira ntchito, ndiye ngati pamwamba pali deny wakale, lamulo lanu latsopanolo silifikiridwa.

Poyesa m'pamene ndikufuna mufatse. Pitani pa seva ya app, mulembe nc -zv 10.0.0.10 5432, lamulo logogoda pa port kuti muone ngati ili yotseguka. Ikayankha kuti succeeded, njira yatseguka. Ikangokhala duu mpaka nthawi kutha, ndi firewall imene ikutaya mauthengawo mwakachetechete. Koma ikakubwezerani connection refused pompopompo, nthawi zambiri mwafika pakhomo koma mulibe woyankha, bwererani ku listen_addresses. Mukalowa ndi psql, pulogalamu yolankhulira ndi PostgreSQL, n'kukuuzani kuti no pg_hba.conf entry, netiweki ili bwino, vuto ndi mzere uja, mwina IP mwailakwitsa. Aliyense mwa mayankho atatuwa akukulozerani malo ake, musawasakanize.

Anthu ambiri app ikangolumikizana amadzuka pampando. Ayi, achimwene, mwangoyesa theka. Tengani laputopu yanu, imene sitinailole, muyese nc yomweyo. Ikuyenera kukanika. Kenako lumikizani laputopuyo ku hotspot ya foni, muyese IP ya kunja ya sevayo pa 5432. Nayonso ikanike. Ikalowa, ndiye kuti pa intaneti aliyense angathe kugogoda pamenepo, ndipo mapulogalamu osakasaka ma port otseguka sagona tulo.

Eya, ndikanaiwala. Ngati database ili mu Docker, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena m'timabokosi tawotawo, ndipo munatulutsa port ndi -p 5432:5432, Docker imalemba malamulo ake mu iptables, momwe mumakhala malamulo enieni a firewall, n'kuilambalala ufw. Status izioneka bwinobwino chitseko chili pululu. Pamenepo lembani -p 10.0.0.10:5432:5432, ndipo kuyesa kwa laputopu kuja mukubwereze, chifukwa makina ena a mu ofesi angathebe kufika.

Mukamaliza munditumizire zithunzi za mayeso onsewo, koma password muibise. Ndikafika ndiziona.